Mwana akupita ku yunivesite koyamba: timulongedzere chiyani?

Mayi wa ku Kasungu: Moni nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi nkhani yokoma koma yondisowetsa tulo. Dzina la mwana wanga wamkazi, wachisamba, latuluka, akupita ku University of Malawi ku Zomba. Pa mtundu wathu palibe amene anapondako ku yunivesite, ndiye ndilibe womufunsa. Kusekondale anali woyendera, moyo wogonera pa sukulu saudziwa. Dzulo ndinayamba kulemba zomugulira, pepala linadzaza uku ndi uku. Bambo ake ataliona anangoti, "Kodi mwanayu akukaphunzira kapena akukalowa banja?" Inu amene munadutsamo, kapena muli ndi ana kumeneko, ndithandizeni. Chofunika n'chiti, chongolemetsa katundu n'chiti? Ndalama yake ndi ya fodya wa chaka chino, sindikufuna kuimwaza.

Conti wa ku Chirunga: Ine ndine conti, ndiye kuti wophunzira wopitiriza, pa kampasi ya Chirunga ku Zomba komweko. Mafuno abwino mayi, mng'ono wathuyo timulandira ndi manja awiri. Koma musanagule ngakhale supuni, yankhani kaye funso ili: wapeza malo ku hostel ya pa kampasi kapena akakhala kunja? Dzina kutuluka sikuti bedi lako lilipo ayi. Malo a pa kampasi ndi ochepa pomwe ophunzira ndife ambiri, ndiye gulu lalikulu timachita lendi m'madera ozungulira monga ku Chikanda. Katundu wa anthu awiriwa safanana. Wa pa kampasi kawirikawiri bedi amalipeza. Wa kunja zimatengera mwini nyumba: ena amaikamo bedi ndi matilesi, ena amakutsegulira chitseko n'kukuonetsa simenti ndi makoma anayi, basi.

Mayi wa ku Kasungu: Apo ndiye mwandidzidzimutsa. Ine ndimayesa akafika amupatsa kiyi. Zamalo sitinamve chilichonse.

Conti wa ku Chirunga: Ndiye muyambire pamenepo. Awerenge bwinobwino kalata yomuitana, alowe m'magulu a WhatsApp a anzake a chaka choyamba. Chenjezo limodzi lokha: musatumize ndalama ya chipinda kwa munthu amene mwangomudziwira pa foni. Nyengo yotsegulira akamberembere amachuluka, amatumiza zithunzi za chipinda chokongola chimene kulibe. Pakhale munthu wopita kukachiona ndi maso.

Mphunzitsi wopuma: Ana inu mukundiseketsa. Ife m'ma 1980 tinkapita ndi sutikesi imodzi. Chakudya ku kafiteriya katatu pa tsiku, ka alawansi pamwamba. Koleji yathu ya Chancellor itasamuka ku Chichiri, ku Blantyre, kupita ku Zomba mu 1973, zonse anazimanga poganiza kuti wophunzira azigona ndi kudya pomwepo. Mayi, mumulongedzere zovala, Baibulo ndi zolembera. Zinazo n'kumulemetsa mwana.

Mesho wakale: Aphunzitsi, ulemu wanu, koma dziko limenelo linapita ndi Chancellor College yakaleyo kkkk. Ngakhale dzinalo linasintha mu 2021 pomwe makoleji anagawikana, Chancellor n'kutsala ndi dzina la University of Malawi, Polytechnic ya ku Blantyre n'kukhala yunivesite payokha yotchedwa MUBAS. Lero mwana amadzidyetsa yekha. Akangotenga Baibulo ndi zolembera, pofika Lachitatu akhala akusala kudya mosafuna.

Mphunzitsi wopuma: Chabwino, ndagonja. Koma Baibulolo asalisiye.

Mesho wakale: Mayi, ndikufotokozereni zimene zinandichitikira ine, mwina zikupulumutsani. Ulendo wanga woyamba mayi anga anandilongedzera ngati ndikupita ku nkhondo: thumba la ufa la makilogalamu 50, nyemba ndowa yathunthu, mbaula, makala, mapoto anayi, mabulangete atatu, mpaka mtondo waung'ono. Pa depoti kondakitala atangoona mulu uja anati katunduyu alipira mpando wake. Tinakangana, ndinalipira. Posintha minibasi ndinalipiranso. Ndinafika kutada, wa kabaza anayenda maulendo atatu, ine nditaima pakati pa msewu mutu uli uku ndi uku kuopa kuti thumba lina lisowa. Chipinda chake ndinachipeza chili ngati bokosi la machesi, tili awiri. Thumba la ufa ndinaliika pansi pa bedi, pa simenti. Mvula itayamba chinyezi chinalowa, ufa wa pansi unagwirana mibulu n'kuyamba kununkha, makoswe anaboola pakona. Ndinadya mwina gawo limodzi mwa magawo atatu, wotsalawo ndinapatsa mayi wina woweta nkhumba. Mayi anga sindinawauze mpaka lero, ndipo ngati ali pa gulu pano andikhululukire.

Mayi wa ku Kasungu: Kalanga ine! Thumba la 50 ndi limene ndalemba pamwamba penipeni pa pepala langa.

Mesho wakale: Lifufuteni. Ufa wokwana ndowa imodzi yokhala ndi chivundikiro chothina ndi wokwanira poyambira. Khoswe sailowa, chinyezi sichifika, ndipo ndowayo imasanduka mpando mlendo akabwera. Ukatha mudzamutumizira wina, kapena agula chimanga komweko n'kupita nacho ku chigayo. Zomba si chipululu, msika ulipo waukulu.

Nachisale: Ine ndikutsutsako pang'ono. Kugula m'tauni n'kodula kwa munthu amene ali ndi nkhokwe kumudzi. Wanga ndimamutumizira ufa mwezi ndi mwezi pa basi ndipo zimanditsikira mtengo. Koma zoti asanyamule wonse tsiku limodzi ndikuvomereza. Mayi, poti ndinu a ku Kasungu, chuma chanu ndi mtedza. Musinjireni nsinjiro, mumupangire chiponde chodzaza botolo, wina mukazinge. Chiponde pa buledi m'mawa, kapena supuni imodzi m'phala, mwana amafika masana osadandaula. Onjezerani mfutso, usipa wouma, masoya pisi, mchere, shuga, masamba a tiyi ndi mafuta ophikira botolo limodzi. Tomato ndi anyezi azigula komweko.

Conti wa ku Chirunga: Nyemba samalani nazo mayi. N'zabwino, koma pa hotipuleti zimadya mayunitsi ngati njovu, ndipo nkhondo zambiri za m'nyumba za lendi zimayambira pa nyemba. Wina waphika maola atatu, mita yalira, nonse muli mumdima. Akatenga, aziziviika m'madzi usiku wonse, zimapsa msanga. Zochuluka zimangofumbwa.

Mayi wa ku Kasungu: Nanga chophikira ndimugulire chiti, mbaula kapena hotipuletiyo?

Conti wa ku Chirunga: Musagule chilichonse mpaka aone malo. Ma hostel ambiri salola kuphikira m'chipinda, ena ali ndi khitchini yogawana, eni nyumba ena amakana hotipuleti, ena amalola koma lendi imakwera. Ndipo ngati mesho wake, ndiye kuti mnzake wogona naye chipinda chimodzi, wabwera kale ndi hotipuleti, yachiwiriyo ya chiyani? Amagawana: wina hotipuleti, wina simbi yositira. Zoti atenge kunyumba ndi zazing'ono izi: mapoto awiri, wa nsima ndi wa ndiwo, mthiko, chipande, mpeni, mbale ziwiri, kapu, masupuni awiri ndi kontena yotsekeka yonyamulira chakudya popita ku kalasi.

Wamagetsi: Ndilowererepo pa gawo langa. Chimene chimaotcha zipinda za ana a sukulu si china, ndi ekisitenshoni yotchipa. Mawerengedwe ake ndi awa. Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo pulagi yathu ya mano atatu imakhala ndi fyuzi yosapitirira ma ampu 13. Kuchulukitsa ziwirizi mupeza mawati pafupifupi 3,000, ndiwo malire ake. Ketulo yokha imakoka pafupifupi 2,000, hotipuleti ya diso limodzi 1,000 kapena kuposerapo, simbi chimodzimodzi. Mwana akalumikiza zitatuzi pa ekisitenshoni imodzi wadutsa kale malire, ndipo zotchipazi waya wake ndi woonda ngati ulusi, zina fyuzi mulibe n'komwe. Imayamba kufunda, pulasitiki n'kusungunuka. Mugule imodzi yolemera m'manja, ya waya wonenepa, ikhale ya foni, laputopu ndi nyale. Zotenthetsa zonse azilumikiza pa soketi ya pakhoma, chimodzi chimodzi.

Za mbaula ndinene mosapsatira: asadzailowetse m'chipinda chotseka kuti aothe. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha, munthu amangogona osadzukanso. June akafika ana amayesedwa kwambiri ndi zimenezi.

Malume a ku Joni: Ine ndili ku Johannesburg, mphwanga ndinamutumizira ketulo ndi simbi chaka chatha. Zinthu zabwino, zolimba. Mayi ngati muli ndi m'bale kuno muuzeni.

Wamagetsi: Achimwene, zolimba inde, koma za kumeneko zimabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, pomwe masoketi athu ndi a mano a makona. Mphwanu uja ngati sanasinthe pulagi, ndiye kuti akukanikiza ndi chotsekera cholembera, kapena anadula n'kulowetsa mawaya osavala. Mufunseni. Kusintha pulagi ndi ntchito ya mphindi zisanu.

Malume a ku Joni: Kkkk ndamuimbira, akuti anadula. Ndamukalipira.

Mlongo wa ku Luwinga: Ine ndili ku Mzuni, yunivesite ya ku Mzuzu, koma pa nkhani ya nyengo ife ndi a ku Zomba tili m'bwato limodzi. Mayi, kuzizira kwa m'munsi mwa phiri sikufanana ndi kwa kwanu ku chigwa. Chiperoni chikabwera, kamvula kowaza tsiku lonse, zochapa sizimauma. Bulangete limodzi lolemera, juzi kapena jekete, masokosi ndi ambulera. Nsapato zikhale zafulati zoti ayende nazo mtunda, chifukwa wokhala kunja amayenda wapansi m'mawa ndi madzulo, nthawi ya dzinja m'matope. Zazitali zidendene zija zimangokhala pansi pa bedi. Chovala chaulemu chimodzi chikhalepo, cha tsiku lokaima kutsogolo kwa kalasi ndi cha ku tchalitchi. Zovala zina asachulutse, malo osungira ndi ochepa, ndipo akafika adzaona mmene anzake amavalira, zina mwa zimene mungamugulire panopa sadzazikhudza.

Koma zitenje musaumire. Zitatu kapena zinayi. Changa china ndi katani ya pa zenera, china ndimapita nacho ku bafa, china chimaphimba katundu, ndipo tsiku la maliro a mnzathu sindinasowe chovala.

Nachisale: Ndowa yosambira mwaiwala. Ndi beseni lochapira.

Mlongo wa ku Luwinga: Eya, ndowa ndiye mfumu ya katundu yense. Madzi akasiya, amene ali ndi ndowa yodzaza ndiye bwana. Koma zapulasitiki zikuluzikuluzi agule akafika, pa minibasi zimasweka komanso zimadya malo. Masilipasi a ku bafa okha asaiwale, bafa la anthu khumi sapondamo ndi phazi losavala. Chingwe choyanikira ndi mapegisi, thaulo, sopo wosambira ndi wochapira, mswachi, mafuta odzola, tishu. Ndipo kabudula wamkati aziyanika m'chipinda, panja zimayenda zokha.

Anesi: Ndawerenga zonse, palibe amene watchula neti. Zomba kuli udzudzu, ndipo malungo amagwetsa mwana sabata ya mayeso. Neti yonyikidwa m'mankhwala atenge, pamodzi ndi chingwe ndi timisomali tomangirira, chifukwa ambiri amafika nayo n'kuisiya m'chikwama ati posowa pokoleka. Buku lake la kuchipatala likhale m'chikwama cha m'manja. Panado pang'ono, mapaketi a Thanzi ORS awiri kapena atatu, mapulasitala, ndi mapadi okwana miyezi iwiri kuti asavutike masiku oyamba asanadziwe mashopu. Ngati ali ndi matenda okhalitsa monga mphumu, mankhwala ake atenge okwanira, ndipo mesho wake adziwe pomwe amasunga.

Chimene ndikukupemphani musamulongedzere ndi mankhwala a malungo kapena ma antibayotiki otsala kunyumba. Thupi likatentha apite akayezetse magazi, asamangomwa mongoganizira.

China, mayi, si cha m'chikwama. Mukhale naye pansi inuyo kapena azakhali ake, mukambe za anyamata ndi za kudziteteza mosabisa mawu. Mwana wa chaka choyamba amene ndalama yamuthera pakati pa mwezi ndi amene amakodwa msanga.

Mayi wa ku Kasungu: Anesi mwalasa pamene pamandiwawa. Azakhali ake abwera Loweruka, ndawauza kale.

Mesho wakale: Poti tafika pa za matenda, tikambeko za nsikidzi, musachite manyazi anthuni. Kumene ndinkachita lendi ine, usiku woyamba ndinadzuka thupi lonse zidzolo m'mizere. Ndinayatsa tochi, kutembenuza matilesi, m'mphepete mwa msoko muli timadontho takuda ndi eni akewo akuthamanga. Mwana wanu akafika, asanayale shiti, atembenuze matilesi ayang'ane m'misoko ndi m'ming'alu ya bedi. Akapeza timadontho takuda auze mwini nyumba tsiku lomwelo kuti apopere, zofunda achape ndi madzi otentha kwambiri. Ndipo pobwera ku holide chikwama chake chizitsegulidwa panja, apo ayi mudzalandira alendo ku Kasungu.

Mphunzitsi wopuma: Izi zokha ndiye sizinasinthe kuyambira nthawi yathu.

Bambo wa awiri: Ine ndaphunzitsa ana awiri, ndipo ndikuti loko. Maloko awiri, wa pa chitseko kapena kabati, ndi wamng'ono wa pa sutikesi. Osati aja otseguka ndi waya wa tsitsi. Kiyi wapadera asamusunge m'chikwama chomwe wakhomacho, mwana wanga wamkulu anachita zimenezo mpaka tinaswa loko. Chachiwiri, foni asamaitchajire pafupi ndi zenera usiku. Wamng'onoyo anaibetsa choncho: zenera lotsegula pang'ono chifukwa cha kutentha, wakuba anapisa ndodo yokhala ndi kokowera, m'mawa anapeza chaja chokha chikulendewera.

Tsono mapepala. Awa ndiwo sungagule pa msika wa Zomba. Chiphaso cha unzika, kalata yomuitana, zotsatira za MSCE, tizithunzi ta pasipoti, ndi lisiti ya ku banki ngati mwalipira kale fizi. Chilichonse achite fotokope kawiri, ina itsale kwa inu, ndipo ajambule zonse pa foni. Aziike mu fayilo yapulasitiki m'chikwama chimene akhale nacho pamiyendo, osati chopita kumbuyo kwa basi.

Mayi wa ku Kasungu: Nanga laputopu? Akundiumiriza kuti popanda imeneyo sangaphunzire. Mtengo wake ndinafunsa, ndinatuluka m'shopu mwakachetechete.

Conti wa ku Chirunga: Zoona zake n'zakuti imafunika, ntchito zambiri timalemba pa kompyuta ndipo manotsi amabwera pa intaneti. Koma si ya sabata yoyamba. Ambiri tinayamba ndi foni yokha, tikubwereka kwa anzathu ndi kugwiritsa ntchito makompyuta a pa sukulu. Chimene sangakhale popanda ndi foni yolowa WhatsApp, chifukwa kusintha kwa kalasi, malo a mayeso, zonse zimalengezedwa mmenemo. Ngati ndalama ndi yochepa, foni kaye ndi power bank.

Wamagetsi: Ine ndikuti akadikire semesita yonse n'kovuta ngati akuchita maphunziro a kompyuta kapena a sayansi. Akuchita chiyani mwanayo? Mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, muitchaje idzaze, muichotse ku magetsi, muone ngati ipirira maola awiri. Yambiri imaoneka yonyezimira koma batire linafa, ndipo magetsi akazima imakhala thireyi chabe. Nambala ya pansi pake muilembe m'kabuku, ikabedwa apolisi amafunsa imeneyo.

Mayi wa ku Kasungu: Akukachita za uphunzitsi.

Wamagetsi: Apo ikhoza kudikirako. Koma nyale yotchaja kapena ya sola mugule, yowerengera magetsi akazima.

Mphunzitsi wopuma: Za uphunzitsi! Mwanayo ndi wanzeru. Muuzeni kuti gulu lino lili ndi agogo ake.

Bambo wa awiri: Mfundo yanga yomaliza ndi ya ndalama, ndipo mundimvetse mayi. Cholakwa chimene ndinachita ndi mwana woyamba n'chakuti ndinathera ndalama yonse m'mashopu kunyumba, iye n'kupita ndi katundu wambiri koma m'thumba muli mphepo. Sabata yoyamba ndi imene imadya ndalama: lendi ena amafuna ya miyezi ingapo pamodzi, mayunitsi, mafotokope, bandulo, ndi tinthu tina timene simungatiganizire muli ku Kasungu. Ngakhale atapempha ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, imeneyo ili ndi ndondomeko yake, musawerengere kuti ikhala m'manja tsiku lofika. Gawani ndalama yanu pawiri. Theka lokha ndilo lipite ku pepala lanulo. Linalo likhale pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo musamupatse lonse nthawi imodzi, muzimutumizira pang'onopang'ono mpaka aphunzire kuyendetsa.

Nachisale: Apa ndiye mwanena. Wanga mwezi woyamba anathera ndalama pa chiwaya, tchipisi tsiku ndi tsiku, ufa uli phee pansi pa bedi.

Conti wa ku Chirunga: Anti musatiulule kkkk. Yearo aliyense, ndiye kuti wa chaka choyamba, amadutsa pa chiwaya, akafika pa 20 mwezi ndi pomwe amakumbuka kuti ali ndi mthiko.

Mlongo wa ku Luwinga: Ulendowo anyamuke m'mamawa. Kuchoka ku Kasungu, kusintha ku Lilongwe, kudutsa Dedza, Ntcheu, Balaka, Liwonde, si pafupi. Malo achilendo safikako usiku ndi katundu. Zikwama zisapitirire zimene angathe kunyamula yekha ulendo umodzi, sutikesi kudzanja ili, ndowa ya ufa kudzanja linalo, chikwama kumsana.

Mayi wa ku Kasungu: Ndabweranso anthu abwino, papita masiku anayi. Pa kampasi malo sanapeze. Mwana wa mkulu wa mpingo wathu amagwira ntchito ku Zomba, ndiye anapita kukaona chipinda ndi maso, akhala awiri ndi mtsikana wina wa ku Mulanje. Bedi lilipo, matilesi palibe, tikagula komweko. Mnzakeyo ali ndi hotipuleti, ife tigula simbi. Pepala lija ndalilembanso, latsala mbali imodzi yosadzaza. Thumba la 50 ndafufuta, mbaula ndafufuta, mapoto atsala awiri. Chiponde ndasinja mabotolo awiri, limodzi la mesho wakeyo, mwandiphunzitsa mawu atsopano. Bambo ake amuperekeza.

Vuto latsala limodzi. Agogo ake akuti mdzukulu wawo sangapite ku yunivesite chimanjamanja, amupatsa tambala wamoyo.

Mesho wakale: Kkkkk mayi, kondakitala adzati tambalayo alipire mpando.

Nachisale: Agogo sakanizidwa. Mupheni usiku wa ulendo, mumuotche bwino ndi mchere, akhale kamba wa panjira. Wotsala akadyere limodzi ndi wa ku Mulanjeyo pofika.

Mwini ulendo: Moni nonse, ndine mwana wa mayiwa, ndawerenga pa foni yawo kuyambira pamwamba. Zikomo kwambiri. Nsapato zazitali zija ndatulutsa m'sutikesi, koma peyala imodzi yokha ndabweza, musawauze. Asisi a ku Chirunga, kodi ndowa ndi beseni ndikagule mu msika waukulu kapena pafupi ndi Chikanda zimapezeka?

Conti wa ku Chirunga: Mu msika waukulu, ndiko kuli zambiri zosankha. Ukatsika basi undiimbire, nambala ndakutumizira ku inbox. Ndikakuperekeza, koma mwendo wa tambala uja undisungire.